Makina a BP a Omron M2: abwino kwa agogo, koma sawona zonse

Mtima uli ndi kadzitetezedwe kake. Magazi akachepa kwa mphindi zochepa m'mitsempha yake kenako n'kubwerera, minofu ya mtima imakhala ngati yachenjezedwa, ndipo mtsempha ukadzatsekeka nthawi yaitali siwonongeka kwambiri. Anazitulukira mu 1986 ku yunivesite ya Duke ku America poyesa agalu: kutseka mtsempha mphindi 5 n'kutsegula mphindi 5, kanayi, kunachepetsa kuwonongeka ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Ukalamba umafooketsa chitetezochi, matenda a shuga chimodzimodzi. Ndiye kwa agogo, BP si yoyenera kuiganizira chabe, iyezedwe.

Pa ntchito imeneyi makinawa ndi abwino. Ndi ovala kumtunda kwa mkono, osati pafupi ndi dzanja, manambala ake ndi aakulu, ndipo amayendera mabatire, kotero magetsi akazima muyezabe. Musanalipire ku famase ku Limbe kapena m'tauni, yezani kaye mkono wa agogo ndi tepi ya telala, mufananize ndi masentimita olembedwa pa lamba. Lamba wochepera mkono amakweza manambala, wokulira mkono amawatsitsa.

Zolakwika zambiri ndi za woyeza. Agogo akhale pampando mphindi 5, msana utatsamira, miyendo osapingasa, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Asamwe tiyi kapena kusuta kwa mphindi 30 asanayezedwe. Yezani kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, n'kulemba m'kope. Poyezera kunyumba malire ndi 135/85: manambala akamafika pamenepo kapena kupitirira, BP yakwera. Mwa okalamba nambala yapamwamba ndi imene imakonda kukwera chifukwa mitsempha yauma.

Ena anamva zoti kupopa lamba wa BP mwamphamvu, mobwerezabwereza, kumadzutsa chitetezo chija. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya wa mu 2019, pa odwala oposa 5,000, sanapeze phindu. Musamuvutitse mkono nkhalamba. Kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku ndiye kothandiza mtima.

Pofooka pake: makinawa sawona mtsempha wotsekeka. Agogo, makamaka a shuga, mtsempha wa mtima ungatsekeke popanda kupweteka pachifuwa, kungokhala befu, thukuta lozizira, kusanza kapena kusokonezeka mutu, BP ikuwoneka yabwinobwino. Zikatero siyani makinawo, thamangirani ku Queens kapena chipatala chapafupi akapime ECG, yomwe imajambula kagundidwe ka mtima.