Jezi yoyera ya Leeds United, ndaivala ndipo ndikuti gulani

Jezi ya pakhomo ya Leeds United ya sizoni ya 2024/25, yopangidwa ndi Adidas, ndaivala mokwanira moti pano ndikhoza kunenapo. Nsalu yake ndi yopepuka, thukuta limauma msanga, ndipo ndachapa kambirimbiri koma baji ikadali gwa, zolemba za kutsogolo sizinayambe kusupuka. Ndinali nayo ina ya feki yomwe inangochapidwa pang'ono zilembo n'kuyamba kumatuka, ndiye kusiyana kwake ndikukuona ndi maso. Chachikulu ingoitembenuzani pochapa ndipo simbi isamadutse pa zolembazo. Popeza ndi yoyera, kadontho kalikonse kamaonekera patali, koma pamenepo palibe chodandaula, Leeds ndi yoyera kuyambira 1961 pomwe kochi Don Revie anasintha mtundu potengera Real Madrid.

Chomwe chimandivuta ndi chizindikiro cha Red Bull pachifuwa, chofiira chija. Sapota wa Leeds aliyense amadziwa kuti zofiira ndi za Manchester United, adani athu enieni, ndiye poyamba diso limakana, kenako umangozolowera chifukwa baji ya duwa loyera la Yorkshire ili pomwepo. Baji imeneyi tisaitenge mopepuka abale, mu 2018 akuluakulu a timu anabweretsa ina yatsopano masapota n'kuikana mpaka inachotsedwa isanafike pa jezi.

Pa nkhani yosindikiza dzina kumsana, langizo langa ndi lakuti musaike dzina la pleya yemwe akusewera pano. Ife takhala tikuona timu ikagwa anthu akunyamula zikwama, mu 2004 titatuluka mu Premier League Mark Viduka anapita ku Middlesbrough, Paul Robinson ku Tottenham, ndipo Alan Smith, mwana wa pakhomo penipeni, anakalowa ku Manchester United komweko. Mu 2022 Raphinha ulendo wa ku Barcelona, Kalvin Phillips wa ku Manchester City. Yanga ndinalembetsa Radebe nambala 5, kaputeni wa ku South Africa yemwe anabwera mu 1994 kuchokera ku Kaizer Chiefs n'kukhala pa bwalo lathu la Elland Road mpaka kupuma mpira mu 2005, timu itagwa kale iye ali pomwepo. Ambiri a ife tinayamba kusapota Leeds chifukwa cha iyeyu.

Anthu amandifunsa kuti ndalama zako ukutayiranji pa timu yomangokwera n'kutsika, ine ndimati inu simukudziwa zomwe jeziyi yadutsamo. Mu 2001 tinafika mu semi fainolo ya Champions League n'kugonja ndi Valencia, patangopita zaka zitatu ngongole zatimiza tatuluka mu ligi, 2007 tatsikanso mpaka League One, ligi yachitatu, n'kuyamba sizoni atatilanda mapointi 15, koma anthu ankadzabe ku Elland Road miyandamiyanda atavala zoyera zomwezi. Tili konko ku League One mu Januwale 2010 tinakawachinya Manchester United 1-0 pa Old Trafford mu FA Cup, chigoli cha Jermaine Beckford, ndipo amene tinali tisanathawe tsiku limenelo tinasangalala kuposa omwe amatenga makapu chaka ndi chaka. Zaka 16 tikudikira mpaka kochi Marcelo Bielsa anatikweza kubwerera mu Premier League mu 2020, kenako 2023 tagwanso, 2024 Southampton yatichinya 1-0 pa Wembley mu fainolo ya ma play-off, zopweteka zedi.

Ndiye jezi iyiyi ndi yomwe anyamata a kochi Daniel Farke anavala potenga Championship, ligi yachiwiri, mu 2025 ndi mapointi 100, ine ndinaigula bala la Wembley lisanapole, osadziwa kuti zitha bwanji. Mukaipeza orijino tengani, ndipo ngati mumakonda yomasuka m'mapewa kwezani saizi imodzi.