Kusintha makompyuta a banki: kamodzin'kamodzi kapena pang'onopang'ono?

Mabanki ambiri aakulu amasungabe maakaunti a anthu pa mapulogalamu akale olembedwa mu COBOL, chinenero cha kompyuta chomwe chinayamba mu 1959. Akafuna kusintha, pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi kusamutsira zonse ku makina atsopano kamodzin'kamodzi, Loweruka ndi Lamlungu basi. Imafulumira, koma zikavuta palibe pothawira. Banki ya TSB ku Britain inatero mu 2018. Makasitomala ambirimbiri analephera kulowa m'maakaunti awo, ena n'kumaona maakaunti a anthu ena. Mu 2022 bankiyo inalipitsidwa chindapusa choposa mapaundi 48 miliyoni.

Yachiwiri ndi kusamutsa pang'onopang'ono: chaka chino maakaunti osungira ndalama, chaka chamawa ngongole, kenako makhadi. Imadya zaka, ndipo banki imalipirira makina awiri nthawi imodzi, n'kumafananiza ziwerengero usiku uliwonse kuti pasasowe kanthu.

Ineyo ndimakondera yachiwiriyi. Banki singatseke mwezi wathunthu kuti ikonze makina, ndipo malipiro a munthu akachedwa tsiku limodzi lokha, banja lonse limavutika. Koma nayonso ili ndi vuto lake: akatswiri odziwa mapulogalamu akalewo akupuma pantchito, ndipo zambiri zimene amadziwa sizinalembedwe paliponse.