Zokambirana Zothana ndi Tsankho pa Sukulu Ina ku Lilongwe

Sukulu ya sekondale yomwe si yaboma, kumene mwana wanga akuphunzira Fomu 3, inakhazikitsa zokambirana za Lachisanu masana pofuna kuthetsa mchitidwe wonyoza ana a Amwenye ndi a Matchaina, ndipo makolo sitilipira kanthu kuwonjezera pa fizi. Ndikuziyamikira, ngakhale kuti zili ndi vuto limodzi lalikulu.

Chimene chandikhutiritsa ndi kasamalidwe ka milandu. Mwana akaitana mnzake kuti "Corona", kapena akamatsanzira kalankhulidwe kake pofuna kuseketsa anzake, samangopatsidwa chikwakwa kuti akatchetche udzu monga zinalili m'nthawi yathu. Amamukhazika pansi pamodzi ndi wonyozedwayo, mphunzitsi ali pomwepo, ndipo anzawo amene anaseka nawo amafunsidwanso chifukwa chimene sanamuletsere. Funso limenelo ndi lomwe mwana wanga anabwera nalo kunyumba, osati chilango.

Vuto ndi loti zitsanzo zambiri nzochokera ku America. Ana amva za anthu 8 amene anaphedwa powomberedwa m'dera la Atlanta pa 16 Malichi 2021, mwa iwo amayi 6 ochokera m'mabanja a ku Asia, komanso za lamulo la chaka chomwecho la ku Illinois lokakamiza sukulu zaboma kuphunzitsa mbiri ya anthu a ku America ochokera m'mabanja a ku Asia. Zonsezi nzoona, koma palibe amene wawafotokozera kuti m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linachotsa Amwenye m'malo amalonda akumidzi n'kuwasonkhanitsa m'matauni akuluakulu, nkhani yomwe ikanathandiza mwana kuyang'ana masitolo a ku Old Town ndi maso ena.

Choipirapo, mtsikana wina atafunsa za Mtchaina amene BBC inamuulula mu 2022 kuti ankajambula ana a ku Njewa akunena mawu odzinyoza okha, mphunzitsi anangoti nthawi yatha. Pamenepo mpamene panafunika kulimba mtima n'kunena kuti bamboyo analakwa kwambiri, ndipo kuti mnzawo wa Chitchaina wokhala naye pa desiki alibe mlandu umenewo.

Akuluakulu a sukulu aganizirenso za nthawi, pakuti zokambiranazi zimawombana ndi masewero a mpira, ndipo anyamata ambiri amene amayambitsa zonyozazi amakhala ali ku bwalo.