Myuziyamu ya ku Karonga: tinakaona mafupa, tinabwerako tikukangana za chilengedwe

Amene mukupita ku Karonga musangodutsa pa boma kuthamangira ku Songwe, lowani kaye ku Cultural and Museum Centre Karonga. Ine ndinapitako ndi alamu anga, mkulu wa mpingo kwathu, ndipo ndikunena mosabisa kuti malo amenewa andikhudza kuposa mmene ndimayembekezera.

Ukangolowa chimakulandira ndi chi Malawisaurus, dainoso wa khosi lalitali amene ankayenda dera lomwelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, mafupa ake anafukulidwa ku Karonga konko ndipo amene aimikidwa mnyumbamo anawapanga motengera enieniwo. Alamu anangoti chilili kuliyang'ana kenako akuti, alamu, chimenechi chinalowa bwanji mu chombo cha Nowa? Sanali kuseka ayi, amafunsadi, ndipo mkangano wathu unayambira pamenepo.

Malowa anatsegulidwa mu 2004 ndipo mbiri anaiyala motsatana bwino, kuyambira madainoso, anthu akalekale, nthawi ya ukapolo ndi Mlozi wogulitsa akapolo, nkhondo ya Angelezi ndi Ajeremani ya mu 1914, mpaka kufika pa demokalase. Amene anatiyendetsa amafotokoza modekha, sanatiuze kuti tisiye Baibulo kapena kuti asayansi ndi abodza, amangotisonyeza zimene zinapezeka ndi komwe zinapezeka basi. Chimenechi ndachikonda kwambiri.

Koma pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa nkhani ya nsagwada ya ku Uraha, dera la m'boma la Karonga lomweli. Inapezeka mu 1991 ndi gulu la asayansi a Friedemann Schrenk ndi a Timothy Bromage, ndi ya mtundu wa munthu wotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zakale kwambiri za mtundu wa Homo padziko lonse, ndiye tangoganizani chinthu ngati chimenecho chinali mu dothi la kwathu konkuno ife kusukulu tikungoloweza za mafupa a anthu akale a ku Olduvai ku Tanzania.

Alamu mfundo yawo ndi yoti zamoyo nzolukana kwambiri moti sizikanangochitika zokha, pali wanzeru amene anazikonza. Amati taonani diso la munthu, mukatola foni mmunda simunganene kuti yamera yokha ngati bowa. Mfundo imeneyi sindiipeputsa, inenso ndikamaona mwana akubadwa ndimagoma. Koma ndinawauza kuti foni siibereka, pamene zamoyo zimabereka ndipo ana amasiyanako pang'ono ndi makolo, amene akuyenerana ndi malo awo ndi amene amapulumuka nkuberekanso, ndiye mupatse zimenezo zaka mamiliyoni. Ndinawakumbutsa za kolokwini, mmene anasiyira kugwira ntchito mpaka Malawi anamusiya mu 1993 nkuyamba Fansidar, kenako LA mu 2007, chifukwa tizilombo ta malungo tinasintha ife tikuona. Ndinatchulanso mbuna ndi utaka ndi chambo, mitundu mazanamazana ya nsomba mnyanja yathu imene sipezeka kwina kulikonse koma ndi yapachibale.

Iwo anati kachilombo kanasintha inde koma kadakali kachilombo, sikanasanduke mbuzi. Apa ndi pamene nsagwada ija imandithandiza ine, chifukwa mano ake ndi aakulu kuposa athu, si ya ife komanso si ya nyani, ili pakatikati, ndipo zoterezi zapezeka zambiri ku Kenya, Ethiopia ndi South Africa. Kwa ine za evolushoni, kusintha kwa zamoyo pang'onopang'onoku, zili ndi zinthu zoti ungazigwire, kuziyeza, ngakhale kuzitsutsa utapeza fupa pamalo olakwika, pamene mfundo ya wokonza wanzeru ndimaiona kuti ndi ya chikhulupiriro, ku labu sungaiyeze. Ine kutchalitchi ndimapitabe ndipo sindinatuluke mmenemo nditataya Mulungu wanga.

Alamu sanagonje, mu minibasi mpaka ku Chilumba amangobwereza za diso lija, koma anajambula zithunzi zambiri kuposa ine ndipo akuti adzabwera ndi achinyamata a kumpingo adzaone okha.

Aphunzitsi a bayoloje tengerani ana anu kumeneku. Pitani chakummawa chifukwa Karonga kumatentha zedi, tengani madzi akumwa, ndipo dzipatseni maola awiri kuti muwerenge zolembedwa mmakoma osathamanga.