Tigalasi tomata pa sayidi mira, patatha miyezi 3

Ndakhala ndikuyenda ndi tigalasi tozungulira tija tomata pakona pa sayidi mira kwa miyezi 3 tsopano pa Sienta yanga, nde ndati ndikuuzenkoni momwe ndationera.

Galasi langa la kumanzere linasweka ku Limbe, ndinapita kwa mnyamata wina wodula magalasi anangondidulira galasi wamba la m'nyumba lija nkumata, mtengo wabwino ndithu, koma sindinkadziwa kuti la kufakitale limakhala lotukuka pang'ono ngati kumsana kwa supuni nchifukwa chake limaonetsa malo aakulu. Lafulati limangokuonetsa kampata kakang'ono basi. Tsiku lina pa raundabauti ya ku Chichiri ndayatsa indiketa ndikukhotera kumanzere, kuyang'ana pagalasi palibe kanthu, ndinangomva "bwanaa!" wakabaza wa njinga yamoto ali pa chitseko changa chakumbuyo penipeni atakweza mayi wobereka mwana. Manja ananjenjemera mpaka kunyumba.

Pajatu galimoto zathu za ku Japan zi chiwongolero chili kumanja, nde kumanzere nkutali ndi dalaivala komanso nkomwe akabaza ndi oyenda pansi amadutsira. Mawa lake ndinakagula tigalasiti pa shopu ya masipeya.

Tathandiza, sindinama. Njinga ikakhala pafupi ndi tayala lakumbuyo ndimaiona, pochita rivesi ndimaona ngalande bwinobwino. Guluu wake wapirira dzuwa ndi mvula, bola mupukute galasi ndi sipiliti musanamate, kamodzi kanandigwera kotsukitsa galimoto poti ndinamata pafumbi. Ndipo matani pakona ya kunja osati pakati, kamadya malo a galasi lalikulu.

Chomwe sindinakonde nchoti zinthu zimaoneka zing'onozing'ono ngati zili kutali pomwe zili pafupi, chonde osayerekeza kuovateka pa M1 mukudalira kagalasi kameneka, basi yomwe mukuyesa ili kutali ili kale pambali panu. Usiku malaiti amangooneka timadontho, maso anga anatenga pafupifupi sabata kuti azolowere. Ine khosi ndimatembenuzabe ndisanakhote.

Ndikutipatsa 4 pa 5. Galasi lafulati lija ndinalichotsa mwezi watha nditapeza lotukuka la sekondi handi, tigalasito ndamatanso pomwepo mbali zonse ziwiri.