Kumeta kapena kusiya: ndevu, makutu ndi ubweya wa kavalo

M'makola a akavalo a mpikisano, kaya ndi ku Kyalami kumpoto kwa Johannesburg kumene abale athu ena amagwira ntchito yosamalira akavalo, kaya ndi ku England, makina ometera sapuma tsiku loti mawa kuli chionetsero. Osamalira akavalo agawanika pawiri pa nkhaniyi. Ena amafuna kavalo wometedwa bwinobwino kuyambira kumphuno mpaka kuziboda, chifukwa amaoneka waukhondo ndipo oweruza amakopeka naye, pamene ena amati kavalo azisiyidwa mmene analengedwera, asakhudzidwe ndi lumo ngakhale pang'ono. Ine ndikuona kuti magulu onse awiri akuphonya pa mfundo imodzi, yomwe ndi kutenga tsitsi lonse la kavalo ngati chinthu chimodzi. Ndevu, ubweya wa m'makutu, wa pathupi ndi wa m'miyendo zili ndi ntchito zosiyanasiyana, ndipo musanayatse makina muyenera kudzifunsa ngati muli ndi china chimene chingalowe m'malo mwa tsitsi limene mukufuna kuchotsalo.

Mkangano waukulu uli pa ndevu, tsitsi lalitali ndi lolimba lija lomera patalipatali kuzungulira milomo, mphuno ndi chibwano, komanso pamwamba ndi pansi pa maso. Amene amameta ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zachibwana. Amati mutu wa kavalo umaoneka wosalala ndipo maonekedwe a mphuno amatuluka bwino, zimene zimawerengedwa kwambiri pa zionetsero za akavalo a mtundu wa Arabian ndi pa zionetsero zambiri za ku America. Amatinso kumetako sikupweteka, popeza tsitsi lenilenilo lilibe mitsempha, ndiponso limameranso pakapita milungu ingapo. Chachitatu, amakumbutsa kuti akavalo akhala akumetedwa ndevu kwa zaka zambiri koma sanaleke kudya, kuthamanga kapena kudumpha. Zonsezi ndi zoona, ndipo munthu wotsutsana nawo asayambe ndi kuwanena kuti ndi ankhanza.

Vuto lake lili pamuzu. Ndevu iliyonse imazika mozama kuposa ubweya wamba, m'kathumba kozunguliridwa ndi magazi komanso mitsempha yambiri, kotero kuti ikangopindika pang'ono uthenga umafika ku ubongo. Kavalo amafunikira uthenga umenewu chifukwa cha mmene maso ake anakhalira. Ali m'mbali mwa mutu, ndipo ngakhale amaona pafupifupi mbali zonse, saona chimene chili pansi pa mphuno yake penipeni. Udzu umene akudya, madzi amene akumwa ndi dzanja limene likumupatsa karoti, zonsezi amazifikira osaziona. Muimirire pafupi ndi kavalo wa ndevu zake pamene akuyandikira mpanda wa waya, ndipo mudzaona kuti amatsitsa mutu, n'kuima patatsala pang'ono kuti mphuno igunde, ndevu zikhudze kaye wayayo, kenako milomo n'kuyamba kufufuza udzu wa pansi pake. Zimafanana ndi munthu woyenda m'nyumba magetsi atazima, amene amatsogoza dzanja kuti asawombe khoma. Ndevu za m'maso nazo zimachititsa kavalo kuphethira nthambi isanamubaye, ndipo mwana wa kavalo amabadwa nazo kale ndevu, zimene zimamuthandiza pofufuza bere la mayi wake. Tsono kunena kuti kumeta sikupweteka n'koona, koma sikuyankha funso, chifukwa chimene chachotsedwa ndi njira yodziwira zinthu, ndipo palibe bulangete, mafuta kapena chophimba chilichonse chimene chingabwezere njira imeneyo pa milungu yodikira kuti ndevu zimere.

Malamulo nawo apendekera mbali imodzi. Germany inaletsa kumeta ndevu za akavalo mu 1998, malamulo oteteza nyama a ku Switzerland amaletsanso, ndipo bungwe la masewera a akavalo la ku France linatsatira mu 2019. Kusintha kwakukulu kunabwera pamene FEI, bungwe loyang'anira mipikisano ya akavalo pa dziko lonse lomwe likulu lake lili ku Lausanne, linalamula kuti kuyambira pa 1 July 2021 kavalo wometedwa ndevu azichotsedwa mu mpikisano. Lamuloli limapatula pokhapokha ngati dokotala wa ziweto wachotsa ndevu ina imene ikupweteka kavalo, kapena wameta malo kuti apereke chithandizo, monga posoka bala. Pali anthu ena amene amayesa njira yapakati, yofupikitsa ndevuzo ndi sizasi m'malo mozipala ndi lezala, koma njira imeneyi ndimaiona ngati yotaya mbali zonse ziwiri: kavalo wataya utali umene umamuchenjeza msanga, mutu sunasalale monga wometa amafunira, ndipo woyendera akavalo pa mpikisano akhoza kuonabe kuti lumo ladutsapo.

Pa makutu nkhani ndi yosiyana pang'ono, ndipo njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kupala ubweya wonse wa m'kati mpaka khungu kuonekera, yachiwiri ndi kusakhudza konse, ndipo yachitatu ndi kupinda khutu kuti mbali zake ziwiri zikumane, n'kudula ndi sizasi yosasongoka ubweya wokhawo umene watulukira kunja. Ubweya wa m'kati umatchinga fumbi, mvula, timbewu ta udzu ndi tizilombo touluka, makamaka tintchentche takuda toluma timene timakonda kulowa m'makutu n'kusiya timabala, ndipo timafalitsanso kachilombo koyambitsa zigamba zoyera m'khutu. Kavalo amene wavutika choncho amayamba kukana kugwidwa m'mutu, ndipo kumuveka zingwe m'mawa kumasanduka nkhondo. Wopala makutu angayankhe kuti pali zophimba kumaso zokhala ndi makutu ake zimene zimatchinga ntchentche, ndipo akunena zoona, kungoti chophimbacho chimang'ambika, chimavulidwa pampanda, ndipo wina ayenera kukumbukira kuchibwezera tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu kuli chifukwa chinanso chimene ometa amapereka, chakuti ubweya umabisa nkhupakupa, ndipo aliyense amene wawetapo ng'ombe ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe amazidziwa nkhupakupa zofiirira zodzadza m'makutu zija. Komabe nkhupakupa imaluma khutu lopalidwa monga imalumira losapalidwa, ndipo chimene chimaipeza ndi chala cha wosamalira chimene chimafufuza m'khutu madzulo aliwonse. Pa njira zitatuzi ine ndimasankha yachitatu, chifukwa khutu limaoneka laudongo kunja pamene chitetezo cha m'kati chatsala.

Tikafika pa ubweya wa pathupi, amene amati kavalo asakhudzidwe ndi lumo ndiwo amatsala opanda mfundo. Masiku akayamba kufupika, thupi la kavalo limamera ubweya wautali wa nyengo yozizira, ndipo chimene chimayambitsa zimenezi kwenikweni ndi kuchepa kwa maola a dzuwa, osati kuzizira kokha. Kavalo wongokhala kubusa amapindula nawo ubweyawo, chifukwa umaimirira n'kusunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu. Koma kavalo wogwira ntchito yolimba mu June ndi July ku Johannesburg, kapena mu December ku England, amatuluka thukuta lambiri pansi pa ubweya umenewo, ndipo amatenga nthawi yaitali kuti aume. Mukamubweza m'khola madzulo ali chinyowere, chisanu cha usiku chimamupeza ndi ubweya wonyowa umene sungathenso kumufunditsa, ndipo pamalo pokhala chishalo ndi lamba wake pamayamba zilonda. Apa kumeta ndi chifundo, ndipo ntchito ya ubweya wochotsedwawo ili ndi cholowa m'malo chodziwika, chomwe ndi bulangete la kavalo ndi khola lotchinga mphepo.

Ngakhale pamenepa si kuti mungosankha pakati pa kumeta thupi lonse ndi kusiya lonse. Kameteredwe kotchedwa trace clip kamachotsa ubweya kunsi kwa khosi, pachifuwa, pamimba ndi m'munsi mwa nthiti, kumene thukuta limachuluka, n'kusiya msana ndi miyendo zili zofunda, ndipo n'koyenera kavalo wokwerapo mwa apo ndi apo amene amaswera panja. Blanket clip imasiya ubweya pamsana ndi m'chiuno. Hunter clip imachotsa pafupifupi wonse kupatula wa m'miyendo ndi kachigamba ka pansi pa chishalo, ndipo kavalo wotere amafuna mabulangete olemera mosiyanasiyana, wina woti azimusinthira m'mawa ndi madzulo, komanso chakudya chokwanira. Mwini kavalo amene alibe ndalama za mabulangete kapena munthu wowasintha asamete kwambiri, ngakhale kavalo wa mnzake akuoneka bwino chotani. Ku England ambiri amameta koyamba cha mu October, ndipo mwambo wakale unkati kumeta komaliza kuchitike January asanathe kuti ubweya wa chilimwe usaonongeke. Kwa kavalo wokhala kotentha, monga m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, funsoli silibuka kawirikawiri, pokhapokha akhale wokalamba wodwala matenda a Cushing, amene amameretsa ubweya wautali wopotana umene sukuthothoka pa nthawi yake. Kavalo wotereyu kumumeta kumamupepukitsa ngakhale m'mwezi wa October, pamene mankhwala ake ali m'manja mwa dokotala.

Miyendo, tsitsi la pakhosi ndi mchira sizifuna mawu ambiri. Akavalo a mtundu wa Shire ndi Clydesdale ali ndi ubweya wautali wophimba ziboda, umene eni ake amaunyadira, ndipo uyenera kusiyidwa khungu likakhala labwino. Koma kavalo akayamba kupondaponda pansi ndi kudziluma m'miyendo chifukwa cha tizilombo totchedwa Chorioptes, kapena akachita zilonda za matope kuseri kwa chiboda, ubweyawo umetedwe kuti mankhwala afike pakhungu ndipo pamalopo paziuma. Kumeta kampata kakang'ono kuseri kwa makutu, podutsa lamba wa pamutu, sikuvuta kanthu, ndipo akavalo a masewera a polo, omenya mpira ndi ndodo munthu ali pakavalo, amametedwa tsitsi lonse la pakhosi kuti lisakole zingwe ndi ndodo. Mchira mungaulinganize kunsonga, koma usafupike mpaka kulephera kuingitsa ntchentche. Kudula fupa la mchira, kumene kunali kofala kale pa akavalo okoka ngolo, kunaletsedwa ku Britain ndi lamulo la mu 1949.

Pa ntchito yometayo, kavalo asambitsidwe dzulo lake n'kuuma bwino, chifukwa mchenga wa mu ubweya umabunthitsa mpeni wa makina msanga. Mpeni wa nambala 10, umene umasiya ubweya wotalika pafupifupi mamilimita 1.5, ndiwo wodziwika pa thupi, pamene wa nambala 40 umapala mpaka pakhungu ndipo malo ake ndi kwa dokotala. Makina aziyenda motsutsana ndi kumene ubweya wagonera, azithiridwa mafuta pafupipafupi, ndipo muziika mpeniwo kuseri kwa dzanja lanu kuti mumve ngati watentha, popeza kavalo amene wapsapo kamodzi amanjenjemera akangomva kulira kwa makina.

Ngozi yaikulu kwa wosamalira ili pamutu. Pometa thupi lonse n'kosavuta kuti makina apitirire mpaka pachibwano kapena pamwamba pa diso n'kutenga ndevu zingapo mosazindikira, ndipo kavalo akachotsedwa mu mpikisano chifukwa cha zimenezo, mlandu umagwera amene anagwira makina. N'chifukwa chake ometa ambiri amalekezera pa mzere wa fupa la tsaya, kumene lamba wa m'mbali mwa mutu amadutsa, n'kusiya nkhope yonse yakutsogolo osaikhudza, ndipo akafuna kusalaza pansi pa nsagwada amaphimba ndevu ndi chikhatho cha dzanja linalo. Abwana akakuuzani kuti mupale mphuno yonse monga ankachitira kale, afunseni mwaulemu kuti kavaloyo akukapikisana pansi pa malamulo a bungwe liti, chifukwa ngati ndi a FEI, ndevu zometedwa Lachisanu sizidzakhala zitamera Loweruka.