Kumenya kutali kapena za pafupi: ophunzira gofu kuno ku Tete tiyambire pati?

Ndili ndi mipira 11, ndodo 6 zakaunjika, ndi masana awiri pa sabata. Anzanga amene tayambira limodzi gofu, ena ku Moatize ena ku Ulongwe, ali chimodzimodzi, ndiye mkangano wathu sutha: masana awiriwo tiziwapatsa driver, ndodo yomenyera kutali, kapena wedge, yonyamulira mpira pafupi, ndi putter, yogubuduzira mpira m'dzenje?

A za pafupi ali ndi masamu awo, ndipo sanama. Bwalo la maenje 18 la par 72, loti katswiri alimalize atamenya ka 72, limawerengera kuti pa girini iliyonse, kapinga wosalala wozungulira dzenje, mugubuduza mpira kawiri. Ndiye kuti 36, theka lenileni, ndi ntchito ya putter. Driver mukaitulutsa kwambiri ndi ka 14, chifukwa maenje anayi afupiafupi aja saifuna. Dzenjelo ndi la mamilimita 108 okha m'mimba mwake, ndipo Bobby Locke wa ku South Africa, amene anapambana kanayi mpikisano waukulu wa Open wa ku Britain, anthu amamukumbukira chifukwa cha putter yake.

Za pafupi n'zotchipanso, ndipo kwa ife imeneyi si nkhani yaing'ono. Beseni pakhomo, mapazi khumi kubwerera m'mbuyo, mwayamba. Mpira sutayika. Mchenga nawo tili nawo waulere: madzi akaphwera mu Revúbuè, jambulani mzere ndi chala, muzimenya mchenga pang'ono kumbuyo kwa mzerewo mpaka ndodo izolowere kulowa malo amodzi. Mu bunker, dzenje la mchenga la pa bwalo la gofu, simumenya mpira, mumamenya mchenga, mchengawo ndi umene umautulutsa. Koma putter ndiye isakunamizeni. Pa simenti mpira umathawa, pa dothi umadumphadumpha. Pa bulangete mungaphunzire kuwongola dzanja basi. Liwiro la girini mukaliphunzira pa girini, kaya ku Lilongwe kaya ku Beira.

Ine ndinali wa gulu limeneli mpaka tsiku limene ndinaponda bwalo lenileni. Miyezi itatu ndikugwetsera mipira m'beseni, ndinafika ndikudzimva. Pa dzenje loyamba mpira ndinaumenya pamutu, unangogubuduzika pang'ono n'kuima. Kachiwiri ndinakumba dothi. Kachitatu unauluka bwino ndithu, koma n'kukhotera kumanja, thengo! Mnyamata wonyamula chikwama anangoti, "Bwana, tatulutsani wina." Kuyambira 2019 lamulo limakupatsani mphindi 3 zokha zofunafuna mpira, ukapanda kupezeka mumawonjezera chilango chimodzi n'kubwerera pomwe munamenyera. Ndinafika pa girini nditamenya kale ka 8. Kulowetsa ndi ma putt awiri, kugubuduza kawiri ndi putter, kunandithandiza chiyani?

Apa ndi pomwe masamu a 36 aja amatisokoneza. Ambiri mwa ma putt amenewo ndi ongokankhira, oti ngakhale mwana alowetsa. Mark Broadie wa ku Columbia University, amene njira yake yowerengera inayamba kugwiritsidwa ntchito ku PGA Tour, mipikisano ya akatswiri a gofu ku America, mu 2011, anapeza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kusiyana kwa wosewera bwino ndi wosewera mofooka amachokera pa kumenya kwa kutali ndi dzenje kuposa mayadi 100. Wophunzira amafera m'njira, asanaione n'komwe mbendera.

Komatu kunena kuti kutali sindikunena driver. Imeneyo ndi ndodo yaitali kuposa zonse, nkhope yake yoima, yopendekera madigiri cha m'ma 10 okha, ndiye nkhopeyo ikangotseguka pang'ono mpira umapita kwa eni munda. 7-iron, ndodo yachitsulo ya nambala 7, ndi yaifupi, yopendekera madigiri oposa 30, imakhululuka. Chimene tikusowa ife ongoyamba si mphamvu ayi, ndi kukhudza mpira pakati nthawi zonse, mpira kaye kenako dothi. Bwalo la mpira wamiyendo ndi la mamita pafupifupi 100, lokwanira 9-iron kapena 7-iron yomenya mwa theka, bola muyang'ane ana ndi mbuzi. Vuto ndi nthaka ya mu Okutobala, youma gwa, ndodo imangonjanja n'kupweteka dzanja. Ikani mpira pa tee, kachikhomo kokhazikapo mpira, kapena pa kachidutswa ka kapeti. A ku Angónia ali ndi mwayi, kumadambo udzu ulipo ndipo kukuzizira. Ife a m'chigwa, kumene kumafika madigiri 40, tizidikira dzuwa lipendeke.

Panopa ndimagawa chonchi. Masana awiri onse aja ndi a 7-iron, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene ndili ndi malo otambasuka. Wedge ndi beseni sizifuna masana, ndimazichita tsiku lililonse mphindi 15 nsima ili pamoto. Driver ndimaitulutsa pamapeto, kasanu kokha, ndipo pa kasanuko ndimagwiritsa mipira yong'aluka ija, yoti ikapita kuchimanga sinditumako mwana.